Mayi Amene Anamata Mafuwa

Kuseri kwa msika wa Mitundu kuli mayi ena oumba mbiya, osalankhulalankhula. Maso awo ndi ofiira chifukwa cha utsi wa zaka makumi atatu, ndipo nkhuni amakasenza okha kutali. Amakonda kunena kuti, "Khosi langa ndi limodzi lomweli."

Mafuwa awo anawamata ndi dothi loumbira, nasiya kakhomo kolowetsera nkhuni, nabowola chipupa kuti utsi uzitulukira kunja. Mtolo umodzi tsopano umawafikitsa Lachisanu. Azimayi anzawo, mpaka a ku Nathenje, amabwera kudzapempha kuti akawamatire, ndipo iwo amapita osafunsa kanthu.

Tsiku limene anamata koyamba, amuna awo analowa m'khitchini nayang'ana kudenga, pamene chimanga cha mbewu chimalendewera pamwamba pa moto. Njala ya 1949 anali asanaiiwale.

"Mayi, mwatipha! Popanda utsi, anankafumbwe amaliza mbewuyi. Tidzabzala chiyani? Gumulani zimenezi!"

Mayiwo anadziwa kuti bambowo sakunama. Anayang'ana dothi lawo, likadali laliwisi. Kenaka anakwera pamtondo, namasula chimanga chonse cha mbewu, nachilongedza m'dengu, nawapatsira m'manja.

"Abambo, m'chigafa mwanu mumafukiza fodya tsiku lonse. Utsi wanu ndi wochuluka kuposa wanga. Chaka chino mbewu muisunge ndinu."

Bambowo anatuluka, dengu lili m'manja, nalunjika kuchigafa. Mbewu imakhala m'chigafa mpaka lero.