Foni Imene Mwana Wanga Ankayesera Ntchito Yake

Mwana wanga wamkazi ankalemba mapulogalamu a m'foni ku Lilongwe. Ine sukulu ndinalekera sitandade faifi, choncho ntchito yakeyo sindinkaimvetsa. Ndinkangodziwa kuti pulogalamu yawo inkathandiza alimi kutumizirana mauthenga ndi alangizi, ndipo inalimo m'foni yanga yakale yosweka pakona.

Akabwera kwathu ku Uliwa, ankafunsa foniyo asanakhale n'komwe pansi. Anandiuza kuti akusintha maziko onse a pulogalamuyo, ndipo anzake ena ankafuna kuti mafoni akale angosiyidwa. Iye ankakana, ati alimi ambiri ali ndi mafoni ngati yangayi. N'chifukwa chake chilichonse chimene walemba ankayamba wachiyesa pa foni yanga, ndipo akabwerera ankanditumizira mauthenga a mawu m'pulogalamu momwemo.

Anadwala masiku ochepa, n'kutisiya ntchitoyo isanathe.

Patapita miyezi iwiri kunabwera mnzake wa kuntchito, bambo wachikulire wa ku Dedza amene Chitumbuka chathu ankangodziwa moni basi. Atapepesa maliro, anapempha kuika pulogalamu yatsopanoyo m'foni yanga. Sanandibisire kuti mauthenga akale, ndi a mwana wanga omwe, akhoza kukana kutseguka. Anati ayamba wawasunga m'kompyuta yake. Koma kompyutayo inali yobwerera ku Lilongwe, ine n'kutsala kuno.

"Mayi, mukakana sindidandaula," anatero. "Kungoti ikapanda kuyenda pa foni ngati iyi, kuntchito agamula kuti zakale zitayidwe."

Ndinalowa m'nyumba, ndinamvetsera mauthenga onse kamodzi, kenako ndinakampatsa foniyo.

Pulogalamu inatseguka. Zolembedwa zinaoneka, koma za mawu zinali zii. Bamboyo anakapeza pogona pa malo a malonda, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzakhala pakhonde ndi kompyuta yake. Anandifotokozera kuti pulogalamu yatsopanoyo sinkadziwa kasungidwe kakale ka mawu, ndiye akuiphunzitsa kuti izimva kakale ndi katsopano komwe. Ine ndinkapeta mpunga chapatali, osafunsa.

Tsiku lachitatu masana anandiitana kuti ndidine ndekha uthenga umodzi wa mawu. Ndinamva mwana wanga akutsokomola, kenako akuti, "Wani, thu, fili. Amama, iyi ndi yoyesera chabe, musayankhe."

Bamboyo anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinatsegula mauthenga enawo umodziumodzi. Uthenga umodzi wokha sunabwerere, ndipo mpaka lero sindikumbukira kuti mwana wanga ankanenamo chiyani.