Diresi la ku Joni

M'chaka cha 1975 ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chomwe ndimayamba kukumbuka ndi fungo la makala onyowa. Tinkawasinja pamwala, n'kuthira timadzi, n'kuwapaka ochita zisudzo kumaso kuti akhale ndi ndevu. Fungo limenelo landitsata mpaka kuno ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, m'nyumba ya mwana wanga, m'mwamba momwe munthu saponda dothi. Mwezi watha achinyamata a kumpingo anabwera kudzabwereka jekete langa kuti akavale pa sewero la Khirisimasi. Ndinakana. Mwana wanga anati, "Adadi, ndi jekete chabe, akalibweza." Jeketelo ndinalibwezera m'kabati.

Kumudzi kwathu ku Ntcheu kunali gulu la zisudzo. Analiyambitsa ndi a Mbewe, mphunzitsi wa pasukulu yathu. Anthu akamaliza kukolola, gululo linkakumana kuseri kwa tchalitchi. Linalibe kanthu kakekake. Katani anali mabulangete awiri opachikidwa pachingwe pakati pa mitengo ya mango. Mipando, mapoto, zipewa, zonse ankachita kubwereka m'makomo, ndipo kukana kunali kochititsa manyazi. Akazi sankaloledwa kusewera. Mbali zawo ankatenga a Yohane, okonza njinga, munthu wa manja akuda ndi girisi koma wodziwa kutsanzira aliyense.

Chaka chimenecho a Mbewe anapeka sewero la mkazi yemwe mwamuna wake ali kumigodi, iye n'kumalandira mwini golosale kunyumba. Anafuna diresi looneka kuti lachokera kutali. M'mudzi monse linalipo limodzi, la amayi anga, la maluwa achikasu, lomwe bambo anatumiza kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito kumigodi. Amayi analivala kamodzi kokha kutchalitchi, ndipo aliyense analiona. Amayiwo analichotsa m'sutikesi likununkha mankhwala a njenjete, n'kulipereka kwa a Mbewe ndi manja awiri. Kenako a Mbewe anati pakufunika mwana wa mkaziyo. Anasankha ine chifukwa ndinali ndi mawu akulu. Ndinayenda modzitukumula mwezi wonse.

Nthawi imeneyo amuna ankabwerako kumigodi ambirimbiri. Bambo anafika kutatsala pang'ono kuti tisewere. Anabwera ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chosatha. Ine sindinkawadziwa bwino. Ankakhala pakhonde n'kumayang'ana amayi akamadutsa, ngati akuwerenga chinachake.

Tinasewera Lamulungu masana. Kunali mphepo ya fumbi, ndipo utsi wa tchire lopsa unkalowa m'maso. Bambo anawapatsa mpando kutsogolo, monga munthu wobwera kuchokera kutali. Mabulangete atatseguka, a Yohane anatuluka m'diresi lija. Iwo anali anansi athu, ankawaona amayi tsiku ndi tsiku. Anayenda ngati amayi. Anaseka ataphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira amayi. Anthu anafa nalo phwete.

Ndiye inafika nthawi yanga. Ndinathamangira pakati n'kukuwa monga anandiphunzitsira: "Amayi, amalume a kugolosale abweranso ndi sopo!"

Phokoso lake sindinalimvenso kwina. Mayi wina kumbuyo anafuula kuti, "Eee, waulula mwana wake weniweni!" Ine ndinaona ngati ndapambana. Nditayang'ana kutsogolo, mpando wa bambo unali wopanda munthu.

Bambo sanawamenye amayi. Sanakalipe. Anangosiya kudya chakudya chawo. Ankhoswe anakhala pansi kangapo. A Mbewe anabwera atavala tayi, nati, "Achimwene, linali sewero chabe. Nkhaniyo ndinaipeka ndine."

Bambo anati, "Diresi ndi langa. Mwana ndi wanga. Kasekedwe ndi ka mkazi wanga. Inu munapeka chiyani?"

Amayi anagwada n'kunena kuti mwini golosale wa m'mudzi mwathu ndi nkhalamba yopanda mano, ndipo sopo ankagula ndi ndalama za bambo omwewo. Zinali zoona. Koma kudambo, kuchigayo, amuna ankati akaona bambo n'kufunsana mokweza ngati sopo watsika mtengo. Bambo anali mkamwini, pamudzipo panalibe wawo woti awaikire kumbuyo. Mvula isanagwe anamanga katundu panjinga n'kubwerera kwawo. Amayi anang'amba diresi lija n'kumasefera mowa woti agulitse.

Gululo silinaleke. Sewero lomwelo anakalionetsa m'midzi ina, ndi diresi lina ndi mwana wina, ndipo ankabwerako ndi nkhuku.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anachoka chifukwa ndinasewera moipa, ndipo ndinkabwereza mawu aja ndekha kubusa kuti ndiwakonze. Nditakula ndinadziwa kuti mwamuna aliyense wobwera kumigodi ankafika ndi mantha oti mkazi wake anali ndi mwamuna wina. A Mbewe ankadziwa zimenezo. Anasankha nkhaniyo chifukwa inali yoseketsa, ndipo sanafunse kuti ikagwera pakhomo pa yani.

Gululo linataya makala basi. Ife tinataya bambo, njinga ndi wailesi. Ine ndinataya sukulu ndili Sitandade 5. Amayi anataya dzina: anakhala zaka zambiri pambuyo pake, osakwatiwanso, ndipo tsiku la maliro awo ndinamva munthu akufunsa panjira ngati amene amwalira ndi mayi a sopo aja.