Tsiku limene a Nyirongo anatsegula boneti

Apongozi anga aamuna ndi a Zebedee Nyirongo a ku Lupaso. Kuno ku Mzuzu amati atatavyala, koma ine powaitana ndimati adada, nditagwada, monga anandilangizira nditangokwatiwa kuchokera kwathu ku Kasungu. Lero mukawapeza pakhonde atafunda jekete lawo lothothoka kolala simungakhulupirire kuti kale anthu ankabwera ndi magalimoto kudzawatenga. Ndati ndilembe za iwo mwana akadali m'tulo, chifukwa anthu ayamba kuwaiwala, ndipo amene akuwakumbukira amangokumbukira tsiku limodzi.

Unyamata wawo wonse unathera ku Chikangawa, kumacheka a matabwa. Anayamba ndi kukweza mitengo ya paini, kenako anaphunzira kukonza malole otuta mitengoyo. Amati m'nkhalango muja chifunga chikatsika lole suiona, umangoimva, ndiye makutu anazolowera kudziwa kuti ikubwerayo ndi iti ndipo ikudwala pati. Akazi awo, amayi Winifred, atayamba kudwaladwala, adada anasiya ntchito n'kudzakhala m'tauni pafupi ndi chipatala. Amayiwo ine sindinawapeze. Ndinangopeza ketulo yawo, ija yoimba mluzu madzi akawira.

Yunivesite itatsegulidwa ku Luwinga, tauni inayamba kutupa ngati mandasi m'mafuta. Aliyense wa kamalo ankamanga tizipinda tochititsa lendi ana asukulu. Njerwa, mchenga, matabwa, zonse zimafuna pikapu. Mapikapu ake anali ogwirapo kale ntchito, ena olowera ku Songwe, ena ochokera ku Joni. Vuto linali lakuti mapikapu awiri amatha kufanana chilichonse kunja, koma injini n'kusiyana. Ina ndi ya dizilo wamba, yoyenda bwino pachidikha koma yolira ngati mbuzi ikaona chitunda itasenza. Ina ndi ya tebo, kachipangizo kamene kamakankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu ndi liwiro. Ina ndi ya petulo, yothamanga koma yakumwa ngati chidakwa. Wogula akasokoneza, walira.

Apa ndi pamene dzina la a Nyirongo linamveka. Munthu akafuna kugula pikapu ankayamba wadzera ku Lupaso. Iwo ankanyamula kampando kawo kopinda, n'kukakhala chofulatira galimotoyo, chipewa pabondo. "Ilizeni," ankatero. Kenako, "Ipatseni moto." Akatero ankatchula injini yake, n'kunenanso ngati yatopa kapena ikadali ndi moyo. Anthu ankasonkhana kudzaonerera ngati mpira. Boneti sankaikhudza n'komwe. Wina akawafunsa ankayankha kuti, "Boneti amatsegula ndi ogontha."

Amuna anga a Wiza anali dalaivala wa mapikapu a eni ake, ndipo madzulo bambo awo ankawaphunzitsa pakhonde ine ndikutsuka mbale. Ankati ya dizilo wamba imagogoda pansipansi ngati musi mumtondo, koma ya tebo ukaipatsa moto pamwamba pa kugogodako pamabwera kamluzu kowonda, "ngati ketulo ya anyoko ikayamba kuwira." Ndinazimva kambirimbiri mpaka ndikamapita kumsika ndinkangozindikira ndekha kuti yadutsayi ndi ya ketulo.

Ketulo yomweyo ndi imene inandiuza. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira kwa kuno kolowa m'mafupa, ndinaiteleka pambaula pafupi ndi miyendo yawo kuti aziwotha. Ndinapita kuseri kukayanika matewera. Ketulo inaimba, inaimba, mpaka ndinathamanga. Ndinawapeza ali phee, maso kumsewu, madzi atatsala pang'ono kuphwa. Nditayamba kutchera khutu ndinaona zambiri. Mwana wathu Lusungu akalira mokuwa sankatembenuka. Mawu a amuna ankawamva, makamaka kukhutu la kumanzere, koma ine ndikayankhula patali ankangoti "eya, eya" ngakhale ndawafunsa kuti adya chiyani.

Ndinawauza a Wiza kuchipinda. Anaseka. "Iwe, adada amamva injini ili ku Katoto iwo ali kuno. Amangotopa ndi nkhani za azimayi basi."

Sindinabwerezenso. Anthu ankabwerabe kudzawatenga, iwo ankapitabe ndi kampando kawo. Koma pobwera sankafotokozanso nkhani ngati kale. Ankangokhala pansi, kuvula nsapato, n'kupempha madzi.

Chaka chimenecho a Wiza anati atopa kuyendetsa za eni, agule yawo. Anaipeza kwa Che Wahid, a golosale ku Katoto. Inali pikapu yoyera ya zitseko zinayi, mizere yofiira m'mbali, mawu oti tebo atalembedwa akuluakulu, ndipo pamwamba pa boneti panali kamphuno kolowera mpweya kamene kamakhala pa za tebo zokha. A Wiza sankagona nayo tulo. Ntchito imene ankaiyembekezera inali yokweza mchenga kuchokera kumunsi, njira ya ku Nkhata Bay, ndipo zitunda za kumeneko popanda tebo sungapikisane ndi anzako.

Tsiku lokaiona ine ndinali ndi sikelo ya mwana, choncho ndinawapeza komweko, kuseri kwa golosale. Anthu anali atasonkhana kale. Panali a Goodwell omata matayala, munthu wosatha kutseka pakamwa.

"Mwawuka uli, adada?" anawalonjera a Goodwell. "Lero mukumvera mwana wanu yemwe? Musamukondere, munene zoona!"

"Tawuka makora," anayankha adada. Ndinaona kuti asanakhale pansi maso awo anayenda msangamsanga pa mizere yofiira ija ndi pa kamphuno ka pa boneti. Kenako anatambasula kampando, anafulatira, chipewa pabondo.

"Ilizeni."

Che Wahid anailiza. Inagogoda bwino, mosadukiza.

"Ipatseni moto."

Inabangula. Ine ndinaima chapambali, Lusungu kumsana, ndikudikira kamluzu kaja. Che Wahid anaipatsanso moto kachiwiri. Panalibe. Musi wokhawokha mumtondo.

Adada anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Ya tebo iyi. Ili ndi moyo."

Anthu anawomba m'manja. A Goodwell anakuwa kuti, "Waphula Wiza! Uzititengako ku Chintheche tikadye nsomba ya batala!" A Wiza anaseka mpaka mano onse panja, n'kuyamba kugwirana chanza ndi Che Wahid.

Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, sawongola mawu a atatavyala ake, kunyumba ngakhale pagulu. Kuuza a Wiza kunali kutaya nthawi, akanangoti ndapenga. Ndipo ndinkadziwa kuti adada alibe munda, alibe ng'ombe, chimene ali nacho ndi dzina lija basi. Koma ndinkadziwanso kuti pikapu ikakakanika chitunda itasenza mchenga, tauni yonse idzamva kuti a Nyirongo anapusitsa mwana wawo yemwe, ndipo iwo adzakhala omaliza kumva.

Njira imene akazi tili nayo ndi imodzi. Ukakhala ndi mawu kwa wamkulu umawapatsa mwana wakhanda, wamkuluyo n'kutola yekha ngati afuna. Lusungu anali atayamba kale kulira chifukwa cha jakisoni. Ndinamumasula, ndinakagwada kumanzere kwa adada, n'kumuika pamiyendo pawo monga ndimachitira kunyumba. Ndinayankhula ndi mawu apansi, pakamwa pafupi ndi phewa lawo.

"Tonthola, Lusungu mama. Ukufuna tiyi? Lero kulibe. Ketulo ya agogo sinaimbe. Moto aupatsa kawiri konse, koma sinaimbe ngakhale pang'ono."

Sanandiyang'ane. Dzanja lawo limene linkasisita mwana linangoima. Akanatha kungokhala chete, palibe wina anamva, ndipo ine sindikanabwereza. Anakhala choncho mpaka Che Wahid anazimitsa injini. Kenako anandipatsa mwana, anagwira bondo n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Wiza, dikira. Tsegula boneti."

A Goodwell okha ndi amene anaseka. "Iii, adada, boneti? Si paja mumati amatsegula ndi ogontha?"

"Ndi amene akutsegulawa," anatero adada.

A Wiza anatsegula. Adada anapisa m'jekete n'kutulutsa magalasi amene ngakhale ine sindinkadziwa kuti ali nawo. Anaweramira mkati nthawi yaitali. Analoza pansi pa kamphuno kaja. Anati pa ya tebo pamenepo pamakhala kabokosi kathyathyathya ka timizere, koziziritsa mpweya, koma apa panali pululu, mabawuti okha amene ankakagwira. Analowetsa dzanja m'mbali mwa injini, pamene tebo imakhala ngati chigoba cha nkhono, n'kulitulutsa lopanda kanthu.

"Thupi ndi la tebo," anatero. "Injini yake inafa, wina anaikamo yawamba. Ndi yabwino, ya m'tauni. Koma mchenga sikweza."

Che Wahid anagwira kumutu. "Bambo Nyirongo, Mulungu ndi mboni, ine ndinaigula ku Lilongwe ili chonchi. Ndimangonyamulira shuga ndi sopo, chitunda ndachionera kuti?"

"Ndikukhulupirirani, achimwene. Wanama pano ndine. Mluzu sindinaumve, ndipo ukanakhalapo sindikanaumvabe. Ndinangowerenga zolemba m'mbalimu ngati nonsenu. Makutu anatha chaka chatha."

Anapinda kampando kawo n'kuuyamba wapansi. Che Wahid anawaitana kuti awaperekeze pa galimoto, iwo anangokweza dzanja kuthokoza, "Yewo chomene," osacheuka.

Nkhani ku Mzuzu siigona. Sabata lomwelo anayamba kubwera anthu amene adada anawamvera magalimoto chaka chathacho, aliyense ndi nkhope yake. Iwo sanabisale. Aliyense ankamuuza kuti aimike pabwalo, n'kutsegula boneti, n'kupukuta injini ndi kansanza mpaka nambala yake ioneke. Ambiri anapezeka kuti zinali bwino. Mmodzi, bambo wina womanga nyumba ku Katawa, anapezeka kuti anagula yawamba akuyesa ya tebo. Anatukwana pabwalo pathu ana a aneba akumva. Adada anaima chilili, magalasi m'manja, mpaka bamboyo anatopa yekha. Sindikudziwa kuti anamvapo zingati.

Atatha amenewo, sikunabwerenso munthu. Otsegula boneti ndi ambiri m'tauni muno, galaja iliyonse alipo. Anthu ankafuna uja wofulatira.

A Wiza anakhala masiku osandiyankhula bwino, atadziwa kuti amene anatsina khutu adada ndinali ine. "Ukanandikokera pambali," anatero. Ndinawakumbutsa kuti ndinawakokera kale kuchipinda mu Juni. Anabwerera kukayendetsa za eni ake, kudzuka kukadali chifunga, kubwera ali mbuu ndi fumbi la njerwa. Inenso ndinatopa nazo, kuphikira anthu awiri osayankhula, wina pakhonde wina kuchipinda. Masiku ena ndinkadzifunsa ngati sikukanakhala bwino kungomutonthoza mwana n'kukhala chete. Mpaka lero yankho lake limasintha malinga ndi mmene ndadzukira.

Pikapu tinadzagula chaka chinacho, yobiriwira, yoonongeka utoto, yopanda mizere. Adada anapita opanda kampando. Anatsegula okha boneti, anakwawira pansi pake ndi mawondo awo otupawo, anagwira paliponse, n'kunena kuti ndi ya tebo. Panalibe woombera m'manja. Ndi imene ikutidyetsa, ngakhale mchengawo masiku ano okweza achuluka.

Za tsiku lija adada sanandiuzepo kanthu, zabwino kapena zoipa. Ketulo amaiyang'anira ndi maso tsopano, akaona nthunzi amaiphula okha. M'mawa a Wiza akamailiza pikapu kuti itenthe, iwo amatuluka ndi jekete lawo, n'kuika chikhatho pa boneti, kumva kunjenjemera kwake. A Wiza akaipatsa moto, adada amatembenuzira khutu la kumanzere kumene ndili ndi tsache langa.

"Mkamwana, ikuimba?"

Ndimasiya kusesa, ndimayandikira, ndimagwada.

"Ikuimba, adada."

Amagwedeza mutu, n'kubwerera pampando wawo pakhonde.