Mphoto ya Galasi pa Chipumi cha Mlamu Wanga

Mkazi wanga atayamba kuonda, Zingwangwa yonse inayamba kundiyang'ana ngati ndapha munthu. Kwathu kuno mkazi wapabanja akaonda, mlandu ndi wa mwamuna. Kaya ukumumana chakudya, kaya wamubweretsera matenda aja anthu satchula dzina. Palibe chachitatu. Ine ndimawotcherera mageti ndi mawindo ku Chirimba, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Chaka chimenecho ndinamenya anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndinamumenya ndi mphoto ya sayansi.

Zinayamba ndi mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu. Iye ndiye anapita patali ndi sukulu, ine ndinalekera folomu folo. Ntchito yake ndi kufufuza za kunenepa kopyola muyeso, makamaka pakati pa amayi a m'tauni, ndi mmene kumaitanira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ankazungulira m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi kwathu kuno atanyamula sikelo ndi tepi. Amayi ankamuseka. "Kodi mukufuna kutigula pakilo ngati nandolo?" Mkazi wanga amagulitsa kaunjika pamsika wa Zingwangwa, ndipo anakwera pasikelopo pongofuna kusangalatsa mlamu wake.

Nthawi imeneyo anali mayi wathupi, woti akakwera minibasi kondakitala ankang'ung'udza. Ine ndinkanyada naye. Kutchalitchi akamati, "Mayi mwanenepatu, abambo akukusungani bwino," ndinkayenda ngati ndagula galimoto. Koma kachitunda kochokera kumsika ankapumira panjira, mapazi ankatupa, mutu sunkaleka kuwawa.

Madzulo ena mlongo wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Achimwene, alamu magazi awo akuthamanga kwambiri, shuganso wakwera. Mukukumbuka mmene anapitira amayi awo?"

Ndinkakumbuka. Apongozi anga anagwa pakhomo akusesa, mbali imodzi ya thupi inafa, kamwa linapotoka, ndipo anamwalira asanatulutsenso mawu omveka. Ku Bangwe, kwawo kwa mkazi wanga, anati anawalodza.

"Sanawalodze," anatero mlongo wanga. "Ndi zomwezi zayamba mwa alamu."

Mkazi wanga sanatsutse. Kuchipatala anamupatsa mapilisi, ndipo zina zonse anachita yekha. Analeka mandasi, analeka tchipisi cha pachiwaya, tiyi ankamwa wopanda shuga nkhope itakwinyika. M'mawa uliwonse ankakwera chakumtunda kwa phiri la Soche n'kubwerera asanapite kumsika. Thupi linayamba kutsika pang'onopang'ono. Chitenje chinayamba kuzungulira n'kutsala. Mutu unaleka, mapazi anaphwa, ndipo tsiku lina anandisiya m'mbuyo pakachitunda kaja, ine ndikuwefuka, iye akundiseka.

Kunja kunalibe woseka naye. Amayi amumsika ankamupatsa moni wa odwala. "Mwadzuka bwanji lero? Limbani mtima, masiku ano anthu akukhala nawo moyo." Ine ndikamadutsa, nkhani zinkaduka pakati.

Woyamba kundiuza pamaso anali wosoka nsapato wina amene tinkasewera naye bawo pafupi ndi siteji. Ndinali nditamudyera nkhomo zambiri, ndiye anafuna kubwezera ndi pakamwa. "Akulu, mayi uja mwamumalizatu. Matendawa munakawatola ku bala iti?"

Ndinanyamula bawolo ndi manja awiri n'kumuphwanya nalo pakamwa. Nkhomo zinamwazikira m'ngalande, iye anagwa chagada pamulu wa nsapato zake, akulavula magazi ndi dzino. Ndinamuponda pachifuwa ndisanagwidwe ndi anthu. Kuchokera tsiku limenelo palibe ananenanso pamaso panga, koma kuseri nkhani inakula. Ankati wakwiya chifukwa n'zoona.

Kenako kunabwera nkhani ya mphoto. Akatswiri a sayansi akunja anawerenga ntchito ya mlongo wanga, anamuitana, n'kumupatsa ulemu umene amapatsa ofufuza za kunenepa amene achita bwino. Anabwera nacho chinthucho: chigalasi chokhuthala, cholemera ngati njerwa yowotcha, cha ngodya zakuthwa, dzina lake litalembedwa m'kati. Ine ndinachigwira ndi manja awiri. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo popita naye kusikelo, lero akuomberedwa m'manja ndi azungu. Kumsika ankati wapatsidwa mphoto yoondetsa anthu.

Ndinakonza phwando kunyumba kwanga Loweruka masana. Tinabwereka mipando yapulasitiki kutchalitchi, tinaphika nkhuku zalokolo, mpunga, nyemba ndi masamba. Mphoto tinaikhazika patebulo pakati pa bwalo, pansalu yoyera. Akuchikazi ku Bangwe tinawaitananso, chifukwa ulemu umafuna choncho.

Anabwera awiri papikapu: amalume ake a mkazi wanga, amene ndi ankhoswe a banja lathu, ndi mchimwene wake wamkulu. Mlamu wanga ameneyu ali ndi butchala ku Bangwe. Ndi chimunthu chimene mimba imafika pakhomo mwiniwake akadali pageti, ndipo amaisisita ngati mwana wake woyamba. Chimwalirireni apongozi, iye ndiye mwini mbumba: alongo ake onse ndi ana awo ali m'manja mwake, ndipo akalankhula, ife akamwini timayenera kuyang'ana pansi. Anatsika atanyamula beseni lovundikira. Sanayang'ane mphoto, sanapereke moni kwa mwini phwando. Anayang'ana mlongo wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu," anatero kwa ine, mokweza kuti onse amve, "ndinakupatsani munthu. Mwandisungira ndodo?"

Ena anaseka, ena anayang'ana m'mbale zawo.

"Khalani pansi alamu, mudye," ndinatero, mano nditakukuta.

"Ndidye chiyani? Masamba? Ndine mbuzi ine?" Anatembenukira kwa mlongo wanga. "Inu ndinu adokotala a mphoto aja? Akupatsani galasi chifukwa chobisa matenda a achimwene anu?"

Mlongo wanga anaimirira mwaulemu. "Achimwene, alamu sakudwala zimene mukuganizazo. Magazi awo ankathamanga, panopa ali bwino kuposa kale. Ndikhoza kukufotokozerani."

"Mukafotokozere azungu anuwo. Kuno tili ndi maso. Munthu wabwinobwino amaoneka khosi ngati nkhuku yonyowa?"

Anaika beseni pansi n'kulivundukula. Munali mang'ina, matumbo ndi nyama ya mafuta okhaokha, yokazinga kale, ikuyandama. Fungo linadzaza bwalo lonse.

"Iwe, bwera kuno," anaitana mlongo wake. "Idya pamaso pa anthuwa, aone kuti kwanu kuli anthu. Ukatha, tenga zovala zako. Ukakhala ku Bangwe mpaka thupi libwerere."

Amalume anagwedeza mutu kuvomereza. Ndipamene ndinadziwa kuti anapangana asananyamuke, kuti pikapu ija sinabwerere phwando.

Mkazi wanga anabwera n'kugwada, chifukwa analeredwa choncho. Anayang'ana beseni, anayang'ana ine. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga chinthuli cha mafuta oyera. Ine sindinaone nyama. Ndinaona kamwa lopotoka la apongozi, dovu likutsikira pachitenje.

Ndinalimenya theche besenilo. Linauluka, mang'ina anagubudukira m'fumbi, mafuta anathira jekete la amalume kuyambira paphewa mpaka m'thumba.

Mlamu wanga amagwetsa ng'ombe tsiku ndi tsiku, ndipo manja ake ndi a ntchito imeneyo. Anandigwira pakhosi n'kundikweza ngati thumba la madeya. Ndinamubaya chibakera m'mimba, koma chinangolowa ngati mu matiresi. Anandimenya ndi mutu pamphuno. Ndinamva chinachake chikuthyoka, magazi anatsikira m'kamwa. Tinagwera limodzi pamipando ya tchalitchi, inaphwanyika pansi pathu, azimayi akukuwa, ana akuthawira kwa aneba. Anandikhalira pachifuwa ndi thupi lake lonselo, zala zake zikufinya kholingo langa.

"Wapha mlongo wanga, galu iwe! Lero ufa ndiwe!"

Mpweya unatha. Kumwamba kunayamba kuda. Dzanja langa linkapapasa pansi kufuna chilichonse, mwala, njerwa, mwendo wa mpando. Linagwira nsalu ya patebulo. Ndinakoka. Mbale zinagwa, ndipo chinthu cholemera chinagwera pafupi ndi khutu langa. Sindinafunse kuti n'chiyani. Ndinachinyamula n'kumukhoma nacho pachipumi ndi mphamvu zonse zimene zinatsala.

Ngodya ya galasi inathyoka. Chipumi chinang'ambika, magazi anakhuthukira pankhope yake ndi yanga. Zala zinamasuka, anagwera cham'mbali akubuula ngati ng'ombe zake zomwezo. Ndinadzuka ndikutsokomola, mphoto ili m'manja, yofiira, ndipo ndinaikweza kachiwiri. Ndikadamumenyanso, sindikunama.

Amene anagwira mkono wanga anali mkazi wanga. Anandiwaza khofi lolira ngati mfuti, loyamba chikwatiraneni.

"Mukufuna mumuphe? Ndi mchimwene wanga ameneyu!"

Mlongo wanga anandilanda mphotoyo osandiyang'ana, n'kuiponya pansi ngati chinthu chonunkha. Anang'amba nsalu yoyera ija, anagwada, n'kuyamba kumanga mutu wa munthu amene anali atangomunyoza. Misozi inkatsika, koma manja ankagwira ntchito.

"Zaka zonsezi ndikugwira ntchito, inu mwasandutsa chibonga," anatero. "Ndinu chilombo, achimwene."

Amalume anapukuta jekete lawo ndi mpango pang'onopang'ono. "Za polisi ayi, izi n'zapachibale," anatero. "Koma mwana wathu akukwera galimoto. Mkamwini, ukamufuna ubwere ndi ankhoswe ako."

Neba wina woyendetsa minibasi anagwira chiwongolero cha pikapu ija. Mkazi wanga anakwera kumbuyo, mutu wa mchimwene wake uli pamiyendo pake, ndipo sanacheuke. Ndinatsala pakati pa mipando yophwanyika, agalu akulimbirana mang'ina.

Masiku otsatirawo sindinaope polisi kapena chindapusa cha ankhoswe. Ndinkaopa mbale za ku Bangwe. Ndinkadziwa mmene amadyetsera munthu kumeneko: mbale ikatha amawonjezera, ukakana amati wanyoza. Mapilisi a mkazi wanga anatsala pawindo. Mlongo wanga anabwera, anawatenga osandipatsa moni, n'kukamupatsa. Ankhoswe anga anati tidikire kaye ulusi wosokera bala uchoke pachipumi cha mlamu, chifukwa kupita msanga n'kukayambitsa ndewu ina. Kuntchito ndinkawotcherera mageti opindika. Ndinakalipira kasitomala wosalakwa mpaka anachoka ndi geti lake lisanathe.

Mkazi wanga anabwera yekha masana ena, ndili pakhonde mphuno ikadali yotupa. Fumbi linali litafika m'mawondo, kachikwama kali pamutu.

"Mwayenda pansi kuchokera ku Bangwe?" ndinafunsa.

"Kuchokera ku Limbe. Minibasi inkachedwa kudzaza."

Anakhala pamkeka n'kuvula masilipasi. Sankapuma mobanika ngakhale pang'ono. Ndinamuyang'ana m'masaya kuti ndione ngati awonjezera. Anandiona.

"Musandiyeze ndi maso, sikelo ili ndi mlongo wanu. Ankandiikira nyama m'mawa, masana, madzulo. Ine ndinkadya nyemba za ana."

"Ndiye akulolani bwanji?"

"Sanandilole. Dzulo achimwene anandiitana, bandeji ili pamutu, beseni lina lili patsogolo. Ndinawauza kuti, achimwene, amayi atagwa, amene ankawasambitsa ndine. Amene ankawapukuta dovu ndine. Inu munkangobwera ndi nyama n'kumapita. Ine sindikufuna ana anga adzandipukute choncho. Lero m'mawa ndatsanzika n'kunyamuka."

Ndinafuna kuseka, koma anakweza chala.

"Musasangalale, bambo. Ndabwerera thupi langali, osati zibakera zanuzo. Pabwalo paja ndikadalavula ndekha nyama ija, munangofulumira ndi mwendo. Mukadzakwezanso dzanja pa m'bale wanga, ndidzapita, ndipo sikudzakhala ku Bangwe kumene mukudziwako."

"Nanga akadzabweranso ndi beseni?"

"Ndidzaligubuduza ndekha. Ikani madzi pamoto, ndikufuna tiyi."

Ndinayatsa mbaula. Chitini cha shuga sindinachikhudze.

Mlongo wanga anatenga nthawi kuti ayambenso kundiyankhula. Mphoto anaitsuka, ili muofesi mwake, ngodya imodzi palibe, ndipo alendo akafunsa amati inagwa. Mlamu wanga ali ndi chipsera chonga kachikwakwa pamwamba pa diso. Kumaliro timakhala mbali zosiyana, amalume ali pakati. Kumsika akadanong'onezanabe, ndipo alipo amene akudikira tsiku limene adzamve kuti mkazi wanga wagonekedwa. Iye m'mawa uliwonse amamanga nsapato zake zachinsalu n'kudutsa pakati pawo kulowera kuphiri, osaima panjira.