Sitima ya Ba Hosea Yopanda Njanji

Ba Hosea Ngoma ankakhoma mbaula ndi ndowa ku Kanyama, pafupi ndi sukulu imene ndinkaphunzitsa. Ali mnyamata anachoka kwawo ku Katete kukalowa usilikali, nawoloka nyanja yamchere kupita ku nkhondo ya ku Burma.

Za nkhondoyo sankakamba. Ankakamba za sitima imodzi imene inkaperekeza chombo chawo chachikulu. Ankaitchula kuti distiroya. Inali yakalekale, yaitali ndi yopyapyala ngati mpeni, ya machumuni anayi. Ankati zoyamba za mtundu umenewu anazipanga kuti zizipirikitsa timabwato toponya mabomba oyenda pansi pa madzi, n'chifukwa chake anazichepetsa m'mimba kuti zizithamanga.

Vuto linali liwu lakuti sitima. Ana anga a Giredi 4 ankadziwa sitima ya panjanji yokha, yopita ku Kabwe. Mmodzi anafunsa ndi mtima wonse kuti njanjiyo anaiyala bwanji pamadzi. Akuluakulu analitola funsolo.

"Mawilo yanali yangati, mudala?" ankatero Ba Obed, wogulitsa makala, anthu n'kumaseka.

Kwa Ba Hosea, kuyesedwa wabodza pa chinthu chimodzi chokha chimene anachikonda kunkhondo kunkawawawa. Anayamba kusunga zidutswa za malata. Akazi awo, Ba Mainess, ankadandaula kuti mtovu womatira ndowa ukuthera pa choseweretsa.

Mvula ya 1978 itadzaza Kanyama, njira zinasanduka mitsinje. Anthu ali pakalikiliki kukweza mabulangete ndi ufa pamwamba, Ba Hosea anatuluka ndi sitima ya malata yotalika ngati mkono, naiika pamadzi. Inagubuduka pomwepo, machumuni pansi.

"Yagwa pa njanji," anatero Ba Obed.

Ba Hosea anaivuula, nathira mchenga wonyowa m'mimba mwake, naiikanso. Inaima. Mphepo inaikankha, ndipo inadutsa pakati pa nyumba ikung'amba madzi, ana akuithamangira. Itakodwa pa mpanda wa Ba Obed, iwo anaibweretsa ataigwira ndi manja awiri.

"Manje imwe munali kugona pati umu?"

"Sininakwelemo," anayankha Ba Hosea. "Ise tinali mu chikulu chija, tili kusanza. Iyi ninali kuiona chabe, ili kutizunguluka."

Ba Obed anakhala pa njerwa, madzi ali mu akakolo, nafunsa kuti mfuti zake zinali mbali iti.