Chitsulo chimene ababa anapala dzinja lonse

Ababa ankakonza njinga pa Namitambo, koma mtima wawo unali pa makina osemera matabwa, aja ozungulitsa mtengo munthu n'kumausema mpaka usanduke mwendo wa mpando. Ankawapanga okha kuseri kwa nyumba, ndi mapedulo ndi tcheni cha njinga. Chinatsala n'chitsulo cha mano chogwira mtengowo. Anachidula ku sipuling'i ya lole, n'kuchipala ndi tupa dzinja lonse.

Kenako anachita sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu n'kupita. Tinkawakhazika pakhonde m'mawa, n'kuwalowetsa dzuwa likapendeka. Ine sindinalire, sindinapemphere, ndinkangodya n'kugona.

Ndinati ndiwamalizire makinawo, awaone akuzungulira adakali moyo. Vuto linali limodzi: chitsulo chija chiwotchedwe kapena ayi? Chosawotcha n'chofewa, chimadyeka msanga. Chowotcha chimalimba, koma chikhoza kung'aluka, ndipo wopala china panalibe.

"Ababa, ndichiwotche?" ndinafunsa.

Anangondiyang'ana, dovu likuchucha.

Ndinapita kwa mkulu wina wosula nkhwangwa ku Mbombwe. Anandiseka. "Aaa, achimwene, nanunso! Chifiire ngati phwetekere, ndiye muchiponye m'madzi, basi. Ife timatero chiyambire."

Ndinakoleza makala pabwalo, n'kumauzira ndi pampu ya njinga. Chitafiira ndinachipana ndi pulayala n'kuchiviika m'ndowa. Chinalira kuti tswee, kenako thi! Pochitulutsa chinali zidutswa ziwiri.

Ndinaima pomwepo, pulayala ili m'manja. Mumtima munali zii, ngati ndathyola chinangwa.

Pobwezera zida pansi pa benchi ya ababa ndinapeza chigubu cha oyilo wakuda wa galimoto, kansalu kosefera kadakali pakamwa pake. Apo m'pamene ndinakumbuka: chitsulo cha sipuling'i sichifuna madzi, amachiziziritsa mu oyilo. Ababa anali atandiuzapo kale zimenezi, ine ndi uchitsiru wangawu maso ali pa foni.

Ababa anaona zonse ali pakhonde. Anatambasula dzanja lamanzere, ine n'kuwapatsa zidutswa zija. Anaziika pamwendo, n'kumazikankha ndi chala kuti zilumikizane. Chimodzi chikagwa ndinkatola n'kuwabwezera, iwo n'kuyambiranso.

Amayi anaitana kuti madzi osamba atentha. Anaitananso kachiwiri. Ababa anali akukankhabe.