Modesta Safulumira Kunena "Lowani"

Ukagogoda pakhomo pa Modesta Kalebe wa ku Msakambewa, usayembekeze kumva "lowani". Amayamba ndi "ndani?", ndipo ukati "ndine" amafunsanso kuti iweyo ndani. Anzake a Chigwirizano amamuseka kuti ngakhale abusa amaima panja ngati ogulitsa makala.

Bambo ake ndiwo anali a "lowani, lowani". Nthawi ya chipani chimodzi analandira mlendo wodzitcha mkulu wa mpingo wa ku Ntchisi, namuphera nkhuku, nadandaula naye za mitengo ya fodya mosabisa mawu. Posakhalitsa kunabwera galimoto kudzawatenga bambowo. Sanabwerenso.

Matipate atabwera, Modesta anaphunzira kutayipa, kenako anatsegula byuro ya telefoni pafupi ndi kampu ya Dzaleka, n'kuikamo kompyuta imodzi yotumizira imelo. Amene anadzailumikiza anamusonyeza kabokosi kotuluka nthawi zina, kochenjeza kuti chiphaso cha mbali inayo n'chokayikitsa, kotero sizikudziwika kuti ukulankhula ndi yani.

"Muzingodina Yes, mayi, aliyense amatero," anatero munthuyo. Anauza munthu wolakwika.

Tsiku lina kunabwera Alexio, wothawa nkhondo, kudzalembera mbale wake wa kunja dzina la mudzi umene mkazi wake ndi ana ankabisala, kuti akawatenge. Asanalembe kanthu, kabokosi kanatulukira. Alexio anatambasula chala kuti adine Yes, Modesta n'kumugwira dzanja.

"Mayi, kwinaku sativutitsa chonchi. Ana anga akudikira!"

"Achimwene, mwina wotchi ya makinawa yangosokonekera, mwinanso pali wina pakati akutchera khutu. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa. Amene akusaka banja lanuwo sadzadzitchula dzina."

Alexio anapsa mtima mpaka misozi. Modesta anamumvera chisoni kwambiri, koma dzanja sanalisiye. Anamuuza za mlendo uja, nkhuku ija ndi galimoto ija.

Atamva zimenezo, Alexio anadina No yekha. Anabwera mawa lake, kabokosi kadalipo, anabwerera. Tsiku limene sikanatuluke analemba dzina la mudziwo.

Mvula yoyamba itagwa, fodya akuwokeredwa m'mapirimo, wina anagogoda kunyumba kwa Modesta.

"Ndani?"

"Alexio, mayi. Ndili ndi akazi anga, ndi ana."

Modesta anatsegula chitseko chonse, n'kuwalambalala alendowo, ulendo kukathamangitsa nkhuku yoti awaphere.